Mayi wolera ana yekha kuno ku Mzuzu: thandizo lenileni lili pati?

NyaMhango wa ku Chibavi

Monire mose, moni nonse. Ndikupempha odziwa za izi atimasulire bwinobwino. Mu Chibavi, Mchengautuwa, Masasa, Zolozolo ndi Ching'ambo muli makomo ambiri omwe mutu wa banja ndi mayi. Ena bambo anamwalira, ena anapita ku Joni n'kutchona, ena banja linangotha. Tiyerekeze mayi wa zaka 34, ana anayi, nyumba ya lendi, geni yake ndi tomato kapena mandasi pamsewu. Pa wailesi timamva za Mtukula Pakhomo, feteleza wotsika mtengo ndi ngongole za boma, koma ukayenda m'makwalala athu muno sukumana ndi wolandira. Kodi mayi wotereyu angalowe bwanji m'ndondomeko zimenezi? Ngati sangalowe, n'chifukwa chiyani, nanga khomo loyenera kugogoda ndi liti? Chonde tiuzeni njira yake yeniyeni, osati zoti "apite kuofesi" basi.

Mlangizi wa pa Katoto

A NyaMhango, tiyambe ndi Mtukula Pakhomo chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amathera nsapato pachabe.

Ndondomekoyi, yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa, inayamba m'chaka cha 2006 ku Mchinji ngati yoyesera, ndipo pofika 2018 inali itafika m'maboma onse 28. Siinakonzedwere wosauka aliyense ayi. Momwe inakonzedwera, banja liyenera kukwaniritsa zinthu ziwiri pakamodzi. Choyamba likhale losaukitsitsa: kudya kamodzi patsiku kapena kugona ndi njala, kusowa katundu wogulitsika, kusowa wachibale wotumiza kangachepe. Chachiwiri likhale loperewera manja ogwira ntchito, ndipo apa pali masamu ake. Amawerenga anthu a zaka 19 mpaka 64 omwe ali ndi mphamvu, n'kuwerenganso owadalira, kutanthauza ana, okalamba, aulumali ndi odwala matenda a mgonagona. Ngati wamphamvu palibiretu, kapena wamphamvu mmodzi akusenza anthu opitirira atatu, banjalo lakwana. Ndiye mayi wanu wa ana anayi pa masamu amenewa wadutsa. Akanakhala ndi ana atatu ndendende, ngakhale akugona ndi njala, sakanadutsa.

Koma kudutsa si kulandira. Ndondomekoyi inapangidwa kuti izitenga mabanja pafupifupi 10 pa 100 aliwonse, pamene kafukufuku wa boma wa 2019/2020 anapeza kuti osauka m'dziko muno ndi anthu 50.7 pa 100 aliwonse, osaukitsitsa 20.5. Bulangete ndi lalifupi, wina mapazi akhala kunja basi.

Kasankhidwe kake kamayenda chonchi. Kumabwera kalembera wa mabanja, amene amalowa m'kaundula wamkulu wotchedwa UBR. Olemba amafunsa za denga, pansi pa nyumba, chimbudzi, ziweto, zaka za aliyense ndi kadyedwe. Kompyuta imandandalika mabanja kuyambira losaukitsitsa, kenako maina amawerengedwa pamsonkhano wa mudzi kuti anthu avomereze kapena atsutse, ndipo pamakhala komiti ya m'dera yoyang'anira. Munthu sulemba kalata yofunsira ngati ntchito. Kusankha kwatsopano kumachitika pakapita zaka zingapo, choncho mayi amene mwamuna wake wamwalira mwezi umodzi kalembera atadutsa amadikira ulendo wina.

Tsono vuto la ife a m'tauni ndi ili. Ndondomekoyi inamangidwa pa makhonsolo a maboma, mafumu ndi magulu a midzi. Mayi wa cha ku Ekwendeni, yemwe ali pansi pa khonsolo ya M'mbelwa, akhoza kukhala m'kaundula, pamene mnzake wa ku Chibavi, wovutika chimodzimodzi n'kumalipiranso lendi ndi kugula madzi pa kiyosiki, ali pansi pa khonsolo ya mzinda komwe thandizo lakhala likubwera mwa apo ndi apo. Chitsanzo chodziwika ndi ndalama za nthawi ya Covid-19: m'chaka cha 2021 mabanja osankhidwa ku Mzuzu, Lilongwe, Blantyre ndi Zomba analandira K35,000 pamwezi kwa miyezi itatu, kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Thandizolo silinakhale lokhazikika.

Zimene zinagwetsa anthu nthawi imeneyo ndi zomwe zidzawagwetsenso, ndiye mayi azikonze lero, asadikire kumva kuti kalembera wafika. Nambala ya foni ikhale yolembetsedwa m'dzina lake iyeyo, ndi chiphaso chake cha unzika. Amayi ambiri amagwiritsa ntchito simu yolembetsedwa m'dzina la mwamuna, la mlamu kapena la mnyamata wogulitsa ma simu. Dzina la pa chiphaso likasiyana ndi la pa nambala, ndalama sizilowa, kapena zimalowa kwa mwini dzinalo. Kalembedwe ka dzina kafanane chilembo ndi chilembo. Ngati pa chiphaso pali dzina la kwa makolo ake, asalembetse la kubanja. Chiphaso chikasowa apite msanga ku NRB, ofesi yopereka ziphaso, pakuti chatsopano sichituluka tsiku limodzi. Mfumu ya buloko imudziwe nkhope ndi nyumba, makamaka akasamuka, popeza alendi ndiwo amaphonyedwa kwambiri: olemba amafika masana mayi ali kumsika wa Zigwagwa, amapeza mwini nyumba, n'kulemba mwini nyumbayo. Nambala yachinsinsi asapatse mwana kapena wa pa kauntala. Ndipo akhale wopanda ngongole ya pafoni, chifukwa ikhoza kudulidwa ndalama zikangolowa.

Chomaliza, aliyense woimba foni kuti "mwasankhidwa pa Mtukula Pakhomo, tumizani K5,000 ya fomu" ndi wakuba. Kulembetsa salipira.

Dada Chirwa

Mwafotokoza bwino a Mlangizi. Ine ndinene mosabisa: kwa mayi wa m'tauni, ndalama yomwe lamulo likunena kuti ndi ya ana ake siili ku boma, ili m'thumba mwa bambo wa anawo. Imeneyi ndiyo yoyamba kuilondola.

Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limati kholo lililonse lili ndi udindo wosamalira mwana, kaya panali ukwati kaya panalibe. Wokadandaula kukhoti si mayi yekha. Akhoza kukhala wachibale, wolera mwanayo, mphunzitsi, wapolisi, wa zaumoyo kapena wa ofesi yosamalira anthu. Izi zimathandiza pamene mayi akuopa kuonekera yekha.

Ambiri amayambira kwa ankhoswe, ku ofesi yosamalira anthu kapena ku Victim Support Unit kupolisi. Nzabwino, koma chomwe chagwirizanidwa chilembedwe: ndalama zingati, tsiku liti la mwezi, zidzera pati, n'kusainira onse awiri ndi mboni. Pangano la pakamwa loti "ndizithandiza ndikapeza" silikhala miyezi iwiri. Likalephereka, pepalalo limakhala umboni kukhoti.

Kukhoti la majisitireti kapena la ana sikufunika loya. Kalaliki amatsegula failo, pamakhala kandalama kolipira, n'kutulutsa chisamani. Wosowa pogwira apite ku Legal Aid Bureau, ali ndi ofesi kuno ku Mzuzu. Chisamani chiyenera kumufika bamboyo m'manja, ndiye mayi adziwe komwe akukhala kapena kugwira ntchito. Milandu yambiri imafera apa, osati pamaso pa majisitireti.

Patsikulo atenge chiphaso cha kubadwa cha mwana aliyense, buku la kusikelo, malisiti a kusukulu ndi a kuchipatala. Koposa zonse alembe papepala zimene nyumba imadya pamwezi, mzere ndi mzere, ndi mitengo ya sabata imeneyo: thumba la chimanga la makilogalamu 50, chigayo, lendi, makala, madzi, sopo, ndiwo, yunifolomu, makope. Amayi ambiri akafunsidwa kuti mukufuna zingati amati "zomwe angakwanitse", ndipo bambo amatchula kochepa, nkhani n'kutha. Khoti limayang'ana kapezedwe ka makolo onse awiri ndi kukwera kwa zinthu m'deralo, choncho mayi abweretsenso umboni wa zomwe bamboyo amapeza. Ngati ali pantchito, dzina la kuntchito kwake. Ngati ndi wa kabaza, njinga ndi zingati ndipo imaima pati. Ngati ali ndi okala kapena nyumba za lendi, zili kuti. Wa pantchito yolembedwa ndiye wosavuta, chifukwa khoti likhoza kulamula kuti ndalama zizidulidwa ku malipiro.

Akakana kuti mwana si wake, khoti limaona ngati dzina lake lili m'kaundula wa kubadwa, ngati anachitapo mwambo uliwonse wovomera mwanayo, ngati anamuvomerapo pagulu, ndipo likhoza kulamula kuyezetsa magazi. Kukana kuyezetsa nakonso kumawerengedwa. Mauthenga a pa WhatsApp onena za mwanayo asafufutidwe ndi mkwiyo.

Chigamulo chikatuluka, ndalama zizidzera kukhoti kapena pafoni, osati m'manja pa msewu, kuti pakhale polozera. Akasiya kupereka, mayi abwerere kukhoti lomwelo ndi nambala ya failo. Asatsegule mlandu wina. Ndipo chigamulo si mwala: ndalama yomwe inalamulidwa 2021 lero siigula zomwe inkagula, ndiye ndi kololedwa kupempha khoti kuti liionenso.

Za malowolo ndinenepo, poti kuno kumpoto ndi pomwe amayi amaopsezedwa napo. Amauzidwa kuti ukapita kukhoti tidzatenga ana, tinalowola. Khoti poona kokhala mwana limayang'ana ubwino wa mwanayo, osati ng'ombe. Komanso omwe anangolowana osapita kwa ankhoswe, kutchalitchi kapena kwa DC asadziyese opanda pogwira. Lamulo la maukwati la 2015 limalola khoti kuzindikira ukwati wa anthu omwe akhala limodzi ngati banja zaka zosachepera zisanu, ndipo zimenezi zimatsegula nkhani ya kugawana katundu.

Wa ku Joni ndiye wovuta. Chigamulo cha kuno kuchikakamiza munthu ali ku Johannesburg, mwinanso wopanda mapepala, ndi ntchito yosatheka kwa mayi wogulitsa tomato. Chogwirika ndi chimene ali nacho kuno: nyumba yomwe akumanga, lendi yomwe abale ake akutolera, galimoto yomwe ikuyenda. Failo itsegulidwe msanga kuti chisamani chidzamupeze akabwera pa Khirisimasi. Kawirikawiri ndalama zimabwera ndithu, koma zimafikira kwa apongozi kapena kwa mchimwene wake, mayi n'kumapatsidwa ya sopo. Pamenepo mkhalapakati woyamba ndi ankhoswe, ndipo chopempha chikhale chimodzi chomveka: gawo la ana lizibwera pa nambala ya mayi wawo.

NyaMhango wa ku Chibavi

Yewo chomene a Dada. Nanga amene mwamuna anamwalira? Amenewa ndiye ambiri amabwerera kumanda n'kupeza akuchimuna atatseka kale nyumba.

Dada Chirwa

Amama, pamenepa lamulo ndi lolimba kuposa momwe anthu amaganizira, koma limafuna changu.

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linachotsa mphamvu ya mwambo pa kagawidwe ka chuma. Munthu akamwalira wopanda wilo, olowa m'chumacho ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake onse, obadwira kunja kwa ukwati omwe, ndi ena amene ankadalira womwalirayo. Achimwene ndi amalume alibe gawo chifukwa chongokhala achibale. Katundu wa m'nyumba monga mabedi, mipando ndi ziwiya amatsala ndi wamasiye. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wa kupolisi, ndipo chilango chake chimafika zaka khumi kundende kuphatikizapo chindapusa. Kukwatiwanso sikumulanditsa mayi zomwe analandira, kupatula za pa malo a mafumu, zomwe zimapita kwa ana a womwalirayo.

Zochita m'masabata oyamba, ngakhale mtima uli wosweka: alembe katundu yense ndi kumujambula pafoni, pakhale mboni ziwiri zosakhala zapabanja, monga mkulu wa mpingo ndi mfumu ya buloko. Mapepala awachotse m'nyumba akawasungitse kwina: chiphaso cha womwalirayo, kalata ya ukwati, mapepala a poloti, buluu buku ya galimoto, makadi a kubanki. Simu ya malemu isapite ndi aliyense, mumakhala ndalama ndi mbiri ya omwe anakongola. Atenge kalata ya imfa kuchipatala kapena kwa mfumu n'kukapangitsa chiphaso cha imfa ku NRB, chifukwa banki, akuntchito ndi a penshoni onse adzafuna chimenecho. Kenako akalembetse za chumacho kwa DC kapena ku ofesi ya Administrator General, komwe adzamuuze ngati pakufunika kalata ya khoti yoyendetsera chuma. Asasaine pepala lililonse pamaliro. Mapepala ena olembedwa kuti "mgwirizano wa banja" amakhala kupereka nyumba.

Pali ndalama ziwiri zomwe amasiye ambiri sazidziwa n'komwe. Ngati bambo anali pantchito yolembedwa, lamulo la penshoni limati bwana azipereka 10 pa 100 ya malipiro, wantchito 5 pa 100, ndipo bwanayo ayeneranso kumulipirira wantchito inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Ndalama zimenezi zimatsata fomu yomwe malemu analemba yotchula olandira. Vuto ndi loti abambo ambiri analemba fomuyo ali anyamata, n'kutchula mayi awo ndi mng'ono wawo, osaisinthanso atakwatira. Amayi omwe amuna awo ali moyo, funsani lero kuti pa fomuyo pali ndani. Si kulosera imfa.

Pa nyumba, vuto la Mzuzu ndi mapoloti ogulidwa ndi kapepala ka pamanja kosainidwa ndi mfumu, dzina la bambo lokha. Mayi amene anaponya geni yake pa njerwa ndi malata asunge malisiti, ndipo pogula poloti dzina lake lilowe papepalalo. Wilo nayo siifuna loya: ilembedwe, isainidwe pamaso pa mboni ziwiri nazonso zisaine, ndipo mbonizo zisakhale zolandira nawo chumacho.

Mlembi wa Banki M'khonde, Luwinga

Zakhoti nzoona koma zimatenga miyezi, ana akudya lero. Chimene chikugwira amayi ambiri m'tauni muno ndi banki m'khonde, ndipo chimene chikuwamiza ambiri ndi banki m'khonde yomweyo ikayendetsedwa molakwika. Ndiye tione masamu.

Gulu labwino limakhala la anthu 15 mpaka 25 odziwana pokhala. Limagwirizana mtengo wa sheya, tinene K1,000, ndipo pamkumano munthu amagula sheya imodzi mpaka zisanu. Malire a zisanuwo ali ndi ntchito: amaletsa wolemera mmodzi kumeza gulu. Pambali pamakhala kathumba ka zadzidzidzi, ka matenda ndi maliro, kopanda chiwongoladzanja. Bokosi likhale la maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, bokosilo kwa wachinayi. Ndalama ziwerengedwe mokweza pamaso pa onse, potsegula ndi potseka. Ngongole isapitirire katatu pa zomwe munthu wasunga. Pakatha miyezi 9 mpaka 12 mumagawana: ndalama zonse kugawa ndi masheya onse. Ngati m'bokosi muli K2,800,000 ndipo masheya onse ndi 2,000, sheya imodzi yabala K1,400. Wa masheya 60 atenga K84,000.

Pomwe zimaonongekera ndi apa. Magulu ambiri amaika chiwongoladzanja cha 20 pa 100 pamwezi kuti pogawana pakhale zambiri. Mayi akatenga K50,000 n'kulephera kubweza, mwezi woyamba ndi K60,000, wachiwiri K72,000, wachitatu K86,400. Geni ya tomato, yomwe ena amaphwanyika m'basiketi ena kuola ndi mvula ya kuno, siithamanga liwiro limenelo. Ndipo ngati K50,000 ija inapita ku lendi kapena kusukulu, ndiye kuti siinabale kalikonse. Akatero amalowa gulu lachiwiri kuti abweze loyamba, lachitatu kuti abweze lachiwiri, mapeto ake kwa wakatapila. Katapila wa 50 pa 100 amasandutsa K20,000 kukhala K30,000, kenako K45,000, kenako K67,500 m'miyezi itatu, atagwira kale chiphaso cha unzika kapena khadi la kubanki ngati chikole. Taonani kuti chiphaso chimenechi ndi chomwe a Mlangizi anena kuti chidzafunika pa kalembera.

Choipa china ndi lamulo la magulu ena loti aliyense akongole, afune asafune, kuti ndalama zisagone m'bokosi. Gulu lotero mayi wosauka alithawe. Athawenso gulu lomwe ndalama zonse zimakhala pa nambala ya foni ya msungichuma yekha, kapena lomwe limabwereketsa anthu akunja. Ndipo pali ngongole zomwe mayi amatenga m'dzina lake koma ndalama n'kupatsa bambo. Tsiku lolanda matiresi ndi mapoto, gulu limafuna amene anasaina.

Langizo langa kwa mayi wa ana anayi uja: gulu limodzi lokha, sheya yotsika yomwe angaikwanitse ngakhale sabata yoipa, chiwongoladzanja chisapitirire 10 pa 100, ngongole ikhale ya katundu wogulitsa basi. Mpamba ndi ndalama ya ndiwo azisunge posiyana, apo ayi mpamba umathera mu wokumani wa ufa tsiku ndi tsiku osadziwa. Kugawana kuikidwe nthawi yomwe chimanga chatsika mtengo anthu atangokolola, osati Disembala. Ogawana Disembala ndalama imathera pa Khirisimasi, Januwale n'kumagula ufa wa pambale pa mtengo wokwera kwambiri m'chaka chonse.

Ngongole za magulu za boma, monga za NEEF, muzisamale pa mfundo imodzi: m'gulu, mnzako akathawa, ngongole yake imagwera otsala.

Mkandawire wa ku Chiputula

Nonse mukuphunzitsa mayiyu kusambira, koma palibe akufunsa amene akutsegula madzi. Ine ndinena za ndale.

Ndalama zambiri zothandiza osauka m'dziko muno zakhala zikupita ku feteleza, chifukwa thumba la feteleza limaoneka ndipo limabweretsa mavoti. Bingu wa Mutharika anayambitsa makuponi m'chaka cha 2005. Lazarus Chakwera anabweretsa ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo ya AIP m'chaka cha 2020, thumba pa K4,495. Chaka chotsatira linafika K7,500, kenako K15,000, ndipo olandira anatsika kuchoka pa mabanja opitirira 3 miliyoni kufika cha m'ma 1 miliyoni. Mayi wa lendi ku Masasa alibe munda, ndiye m'ndondomeko imeneyi mulibe dzina lake. Iye amakumana nayo pamsika basi, pa mtengo wa chimanga.

Chomwe chimamufika pakhomo mosaphonya ndi kugwa kwa kwacha. Inagwetsedwa mu Meyi 2012 nthawi ya Joyce Banda, mu Meyi 2022 ndi 25 pa 100, mu Novembala 2023 ndi 44 pa 100. Wa mandasi amagula ufa wa tirigu, mafuta ophikira ndi shuga. Zonse zimakwera sabata yomweyo, koma iye sangakweze mandasi chimodzimodzi chifukwa ogula ake ndi ana asukulu ndi a kabaza. Amachepetsa kukula kwa ndasi mpaka makasitomala atathawa. Masheya a m'bokosi aja nawonso amafika pogawana atapepuka.

Thumba la ngongole za boma lasintha maina, MARDEF, MEDF, NEEF, koma matenda ake ndi amodzi: chisankho chikayandikira ngongole zimatuluka mothamanga, anthu ena n'kumaziona ngati zikomo wa chipani, osabweza, thumba n'kuuma, mayi wa geni yeniyeni n'kuuzidwa kuti adikire. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pokopa mavoti, koma amayi athu akuvinabe pamisonkhano chifukwa cha chitenje ndi ya sopo. Sindiwanyoza, wanjala sasankha. Koma taonani kuti ovina ndi amayi, pamene m'Nyumba ya Malamulo amayi sanafikepo ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi. Lamulo la 2013 lija loti amuna kapena akazi asapitirire 60 pa 100 limakhudza ntchito za m'boma, osati mipando ya aphungu.

Choti amayi a m'magulu achite ndi kumugwira khansala pa zinthu zazing'ono zowerengeka. Maina a olandira chilichonse m'wodi amatidwe poyera. Mukomiti ya chitukuko ya wodi mukhale amayi a lendi, osati eni nyumba okhaokha. Ogulitsa pamsewu asanathamangitsidwe auzidwe kokhala, chifukwa basiketi imodzi yolandidwa ndi mpamba wonse wa banja.

Mlangizi wa pa Katoto

A Mkandawire, zambiri ndikuvomera, koma pa Mtukula Pakhomo tisaphatikize. Yadutsa m'maboma a Bingu, Joyce Banda, Peter Mutharika ndi Chakwera osasintha dzina, ndipo chifukwa china n'choti maina amatuluka m'kaundula, phungu salemba ndi cholembera chake. Kufooka kwake kuli pena: gawo lalikulu la ndalama limachokera kwa abwenzi akunja monga World Bank, European Union, Germany ndi Ireland. Tsiku lomwe iwo adzasinthe maganizo, agogo olera adzukulu ndiwo adzayambe kumva. Chofunika kufunsa aphungu a mzinda uno ndi ziwiri: boma likuikamo zingati zake, ndipo mizinda ilowa liti mokhazikika.

NyaMhango wa ku Chibavi

Funso lina laling'ono. M'makomo otere mtsikana wamkulu ndiye amayamba kusiya sukulu, ena mimba, ena kukankhidwira kubanja. Pamenepo pali chochita?

Mphunzitsi wa ku Mchengautuwa

Chilipo amama. Ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndi woletsedwa. Lamulo la 2015 linatero, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kutseka mpata womwe unkalola makolo kuvomereza. Zikachitika, nenani ku ofesi yosamalira anthu, kupolisi, kapena imbani 116, nambala yaulere ya nkhani za ana.

Wa mimba sanachotsedwe sukulu mpaka kalekale. Ndondomeko yolola atsikana kubwerera akabereka ilipo kuyambira 1993. Cholakwika chomwe makolo amachita ndi kungomubisa mwana kunyumba osanena kanthu, sukulu n'kumulemba kuti anathawa. Kholo lipite kwa mphunzitsi wamkulu ndi kalata yonena kuti mwana waima kaye chifukwa cha mimba ndipo malo ake asungidwe, lisunge kope la kalatayo. Pobwerera akhoza kupempha kusamukira sukulu ina ngati akuopa kusekedwa. Kusukulu zambiri kuli gulu la amayi loona za atsikana, ndipo ndilo limathandiza kulondola nkhani zotere.

Chimene chimalepheretsa ambiri si sukulu koma wosiyira khanda, chifukwa agogo ake a khandalo ndi mayi yemwe uja ali kumsika kuyambira mbandakucha. Nkhani imeneyi ikambidwe mimba isanafike miyezi yotsiriza, ndipo akuchimuna alowemo: chisamaliro chomwe a Dada Chirwa afotokoza chija chimagwiranso ntchito pa khandali, ndipo pa pepala la zofunika pamwezi alembepo ndalama ya wolera masana.